Bambo akapita kumpira, mayi nayenso apatsidwe nthawi yake

Kholo la pantchito likanena kuti lilibe nthawi yochita masewera olimbitsa thupi, ine ndimalikhulupirira. Sindili m'gulu la anthu amene amafulumira kuyankha kuti umenewo ndi ulesi, kapena kuti wofunitsitsa chinthu sasowa mpata. Oyankha chonchowo kawirikawiri sanasambitsepo ana awiri ndi madzi a pambaula m'mawa wa mwezi wa June, kapena ali ndi wina kunyumba amene akuwachitira zimenezo pamene iwo ali pamsewu kuthamanga. Nthawi ndi yosowadi. Koma m'nyumba zambiri kusowako sikugwera onse mofanana, ndipo mpata umene munthu mmodzi sangaupeze payekha, banja likhoza kuupanga ngati litakhala pansi n'kugwirizana.

Taonani tsiku la mayi wokhala ku Area 25 mu Lilongwe amene amagwira ntchito ku Capital Hill kapena ku Old Town. Amadzuka 5 koloko isanakwane. Ngati magetsi azima, akoleze makala, atereke madzi osamba, kenako phala. Wamng'ono akukana kuvala yunifolomu, wamkulu wangokumbukira kumene kuti aphunzitsi anati aliyense abwere ndi tsache. Ikamakwana hafu pasiti sikisi mayiyo ali pa siteji kulimbirana minibasi. Akhala m'minibasimo mawondo atapanikizika kufikira m'tauni, akhala pampando wa mu ofesi kufikira madzulo, akhalanso m'minibasi pobwerera. Atsika pamsika kugula tomato, mpiru ndi kamulu ka usipa, ndipo akamalowa pakhomo kwada kale, poti kuno dzuwa silidikira munthu: ikangokwana 6 koloko mdima wagwa. Kenako nsima, mbale, homuweki, kusita za mawa. Akamagona m'ma 10 koloko msana ukuwawa, mutu walemera.

Munthu ameneyu watopa zenizeni. Koma tsiku lonse sanayendepo mtunda woti n'kumutulutsa thukuta, sanapumepo mwawefuwefu ngakhale kamodzi. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa timaganiza kuti thupi lotopa ndi thupi limene lagwira ntchito. Agogo athu kumudzi ankatopa ndi khasu, mtondo, ndowa ya pamutu ndi mtolo wa nkhuni, ndipo kutopa kumeneko kunkabwera pamodzi ndi mphamvu. Kwathu kwa mu ofesi ndi kwa kukhala malo amodzi, kwa nkhawa ndi kwa kuchepa kwa tulo. Wa kabaza wopalasa, bambo wonyamula matumba mumsika, mayi woyenda ndi beseni la nthochi pamutu kuzungulira Kawale yense, amenewa nkhaniyi si yawo kwenikweni. Iwo chimene akusowa ndi kupuma. Ndikunena za ife amene malipiro athu amabwera titakhala pampando.

Zotsatira zake zili kale m'zipatala mwathu. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina, wa bungwe lofufuza za matenda la MEIRU, anachitika ku Area 25 komweko ndi ku Karonga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a m'tauni, 44 anali onenepa kupyola muyezo, pomwe kwa abambo a m'tauni anali 18. Kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zambiri, monga uchembere, zakudya ndi chibadwa, ndipo sindinganene kuti konse kwabwera chifukwa cha kusowa nthawi. Koma ndikaona manambala awiriwa, funso limene limandibwerera ndi lakuti, pakhomo ndani amene ali ndi ufulu wongovala nsapato n'kutuluka osauza munthu kumene wasiya mwana?

Yankho tonse tikulidziwa. Pitani pa bwalo la sukulu ya pulayimale Loweruka masana m'dera lililonse la Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Mupeza abambo a mimba zawo atavala majezi, akukankha chikopa m'fumbi, wina akukuwa kuti "ndipatse, ndili ndekha!", wina wagwira m'chiuno akupempha kuti amusinthe. Mpira wa masoshozi ndi chinthu chabwino kwambiri, ndipo ndimalakalaka bambo aliyense wa mu ofesi atakhala ndi timu yake, ngakhale kuti mowa ndi kanyenya wotsatira pambuyo pake nthawi zina zimabweza zonse zimene thukuta linachotsa. Koma bambo aliyense amene ali pabwalopo, pali munthu amene wamugwirira ana. Munthu ameneyo pa nthawi yomweyo ali pa mulu wa zochapa za sabata yonse. Lamulungu akachoka kutchalitchi, bambo apitanso kukaonera Bullets, Wanderers kapena Silver, kaya matimu a ku England pa kanema, ndipo palibe amene amafunsa kuti nthawi waitenga kuti. Gemu imodzi pamodzi ndi kupumulira kwake imadya mphindi 105.

Yerekezani mphindi zimenezo ndi zimene akatswiri amapempha. Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 150 ndi maola awiri ndi theka mwa maola 168 a sabata. Ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Zapakatikati zimene akunenazo si zachilendo ayi: ndi kuyenda ndawala mpaka kufika poti ukhoza kulankhula ndi mnzako koma sungathe kuyimba nyimbo. Ndipo malangizo omwewo anachotsa mfundo yakale yakuti pamafunika mphindi zosachepera 10 nthawi imodzi kuti ziwerengedwe. Tsopano chilichonse chikulowa m'kaundula, kaya ndi mphindi zisanu zokwera masitepe a ku ofesi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndiye chimene ndikupempha n'chosavuta kunena, ngakhale ndikudziwa kuti m'mabanja ena n'chovuta kuchita. Bambo ndi mayi akhale pansi, monga amakhalira pa nkhani ya fizi ndi lendi kumapeto kwa mwezi, agawane masiku. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa kukhale kwa mayi. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka la mpira kukhale kwa bambo. Kaya asankha madzulo, kaya agawa mwanjira ina, zili kwa iwo. Chachikulu n'chakuti pa tsiku la mayi, bambo agwiredi ntchito imene mayiyo akanagwira. Atereke phala, alitakase lisapserere, asambitse wamng'ono, apeze sokosi imene yasowa. Ngati mayi abwera kothamanga n'kupeza zonse zikumudikira, ana ali chigonere ndipo bambo ali pa foni, ndiye kuti sanapatsidwe nthawi. Wangobwereka mphindi 30 zimene azibweza mothamanga ndi mokwiya, ndipo sabata yachiwiri sadzatulukanso.

Abambo anzanga ena anena kuti anthu akamuona mwamuna akusambitsa mwana mkazi ali pamsewu, aziti anamudyetsa khuzumule. Aziterodi, makamaka masabata oyamba, ndipo mwina oyamba kunena akhala achibale ake enieni. Koma anthu omwewo sadzabwera kudzagona pansi m'chipatala kudikirira mkazi wanu akadzagwidwa sitiroko ali ndi zaka 48. Sadzakulipirirani mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi. Amene anaonapo khomo limene mayi wafa ziwalo mbali imodzi akudziwa kuti pamenepo bambo amaphunzira zonse nthawi imodzi, kuphika, kuchapa, kusambitsa ana ndi kusambitsa mkazi yemwe, popanda wom'funsa ngati akufuna. Kuphunzira kuphika phala lero, mkazi ali wamphamvu, ndi mtengo wotsika kwambiri.

Palinso nsanje, imene sitikonda kuitchula. "Mkazi wapabanja kumathamanga pamsewu atavala thalauza, akufuna amuone ndani?" Mawu amenewa atsekera m'nyumba amayi ambiri kuposa mvula. Ine ndikuona kuti ndi mawu opanda chilungamo, chifukwa mayi yemweyo amayenda yekha kupita kumsika, kumaliro ndi kuchigayo popanda womukayikira. Chimene chasintha n'chakuti ulendo uno phindu lake ndi la thupi lake. Ngati vuto ndi chovala, chitenje chimamangika bwinobwino pamwamba pa thalauza, ndipo kuyenda ndawala sikufuna yunifolomu. Ngati vuto ndi mantha a bambo, apite nawo limodzi Lamulungu madzulo, ana ali patsogolo.

Ndipo tisaiwale mmene timayamikirirana. Mkazi akanenepa pambuyo pa ukwati timati akumusunga bwino. Bambo akatulutsa mimba timati zayamba kuyenda. Munthu akatsika thupi timayamba kunong'onezana. Manong'onong'o amenewa ali ndi mbiri yake yowawa: m'zaka zimene Edzi inkatha anthu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, kuwonda kunali chizindikiro chimene aliyense ankachiopa. Mantha amenewo ndimawamvetsa, ndipo sindingaseke munthu amene anaika abale ake m'manda m'zaka zimenezo. Koma lero akutilepheretsa kuona matenda ena amene amabwera thupi likuoneka losalala. Mayi amene wayamba kuyenda n'kutsika makilogalamu angapo safunika kufunsidwa ngati kunyumba kuli mtendere. Komanso cholinga chenicheni si sikelo. Munthu akhoza kuyenda miyezi itatu osatsika ndi kilogalamu imodzi yomwe, koma BP yake itatsika, akugona bwino, akukwera chitunda osaima panjira.

Tsono pali makomo amene mulibe wogawana naye. Bambo ali ku Joni, kapena banja linatha, kapena mwamuna anamwalira. Palinso abambo amene akulera ana okha. Kwa amenewa ndilibe yankho lopepuka, koma ndikudziwa kuti luso logawana ntchito tili nalo kale. Amayi a banki m'khonde amasunga ndalama za anthu makumi awiri popanda kusokoneza tambala. A Mvano, a m'miphakati ndi a magulu ena a mipingo ndi mizikiti amadziwa ndani aphike pa maliro, ndani akaone wodwala, ndani asese m'tchalitchi sabata ino. Anthu otha kuyendetsa zinthu zoterezi sangalephere kugwirizana kuti mwa amayi anayi oyandikana nyumba, mmodzi atsale ndi ana onse kwa theka la ola pamene atatu akuzungulira dera, mawa atsale wina. Kuyenda pagulu kumathetsanso nkhani ya chitetezo, ndipo wodutsa amene akanaponyera mawu achipongwe mayi mmodzi amatseka pakamwa akaona atatu. Dziko limene linabala Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda lili ndi amayi ambirimbiri amene ankasewera mpira wa manja kusukulu n'kusiya tsiku limene anabereka mwana woyamba. Mpira umodzi ndi bwalo la sukulu Loweruka madzulo n'zokwanira kuwabwezeretsa.

Za nzeru yotchuka ija yakuti "ingodzukani 4 koloko", ine sindigwirizana nayo kwa kholo limene lagona 10 koloko kapena 11. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola osachepera asanu ndi awiri, ndipo kudula tulo kuti ukathamange ndi kukonza mbali imodzi ya thupi uku ukuwononga ina. Kuonjezera apo, 4 koloko m'madera athu ambiri ndi mdima wa ndiwe yani: magetsi a mumsewu kulibe, agalu amasulidwa, akuba sanagone, ndipo madalaivala ena akuchokera kumowa. Bola kudikira kuti kuyere. M'miyezi yotentha ya October ndi November kumacha msanga, 5 koloko ikangopitirira pang'ono kunja kwayera. Mu June ndi July mpata wabwino umakhala masana. Ndipo woyenda m'mbali mwa msewu wopanda malo a oyenda pansi ayende kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, atavala chowala.

Mipata ina ili kale m'tsiku lathu, ingofunika kuilanda. Ambiri tikatsika minibasi timakwera kabaza kuti atifikitse pakhomo, mtunda woti munthu akhoza kuyenda mphindi khumi ndi zisanu. Kuyenda mtunda umenewo m'mawa ndi madzulo ndiye mphindi 30 zija zakwana, ndalama ya kabaza yatsala m'thumba ya buledi. Ndikudziwa kuti madzulo mayi amathamangira kukaphika, ndipo apa tabwereranso pa nkhani yomwe ija: ngati wina kunyumba watereka kale madzi a nsima, mphindi khumi ndi zisanuzo si mlandu. Nthawi ya nkhomaliro nayo, ola lathunthu silithera kudya. Mbale ya nsima kapena chipisi imatha m'mphindi makumi awiri, zotsalazo timathera pa WhatsApp ndi Facebook. Nsapato zofewa zosungira pansi pa desiki ndi mnzako mmodzi wa mu ofesi ndi zokhazo zofunika.

Ana nawo si chopinga nthawi zonse. WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ndipo ana a m'mipanda ya m'tauni ambiri sakufikapo, chifukwa akaweruka amakhala pa katuni. Kholo limene lalowa nawo m'bwalo la fulaye kapena kudumpha nawo jingo kwa mphindi khumi lidzazindikira msanga kuti masewera amene tinkawaona ngati achibwana aja amafuna mpweya wochuluka. Tsegulani wailesi muvine nawo pabalaza. Mwana wa zaka ziwiri ali kumsana, kunyonyomala ndi kudzuka kakhumi ndi ntchito yeniyeni ya minofu ya miyendo. Kadimba ka kuseri kwa nyumba, kulima ndi kuthirira ndi ndowa, nakonso kamawerengedwa. Koma ndisanamizire kuti kusewera ndi ana kungalowe m'malo mwa nthawi ya kholo payekha. Mayi amene wakhala akumva "amayi, amayi" kuyambira m'bandakucha amafunikanso theka la ola limene palibe womuitana, ndipo phindu la theka la ola limenelo pa maganizo ake ndi lalikulu ngati phindu lake pa mtima.

Jimu sindikuitsutsa. Amene ali ndi ndalama yake ndi galimoto yokafikira kumeneko apite. Chimene ndimadana nacho ndi maganizo akuti kulimbitsa thupi kumayamba ukalipira, ukagula zovala zake ndi botolo lake la madzi. Maganizo amenewa achititsa anthu ambiri kudikira mwezi umene ndalama idzatsale, ndipo mwezi umenewo pa malipiro a masiku ano sufika.

Olemba anthu ntchito ali ndi gawo lawo. Lamulo la ntchito la dziko lino limaika malire a maola 48 pa sabata, koma alipo mabwana amene amaitanitsa msonkhano nthawi ya nkhomaliro, kapena amayamba kufuna malipoti nthawi yoweruka itakwana, n'kumadzadabwa antchito akamapempha tchuthi cha matenda. Kungolemekeza ola la nkhomaliro ndi nthawi yoweruka kungathandize thanzi la antchito kuposa tsiku limodzi la masewera pa chaka lokhala ndi matisheti ndi zithunzi. Makhonsolo a mizinda nawonso ateteze mabwalo a m'madera kuti asamadulidwe mapuloti, ndipo msewu uliwonse watsopano uzikhala ndi poyenda anthu ndi magetsi. Bingu National Stadium ndi Kamuzu Stadium n'zonyaditsa, koma mayi wa ku Chinsapo kapena ku Bangwe amafuna malo amene angafikeko wapansi n'kubwerako phala lisanazizire.

Amene wakhala zaka osachita chilichonse asayambe ndi kuthamanga. Ayambe wakayezetsa BP ndi shuga kuchipatala chapafupi, kenako ayende mphindi khumi, sabata yotsatira khumi ndi zisanu. Akamva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosadziwika bwino, aime ndipo akaonane ndi dokotala. Amene ali kale pa mankhwala asawasiye chifukwa choti wayamba kuyenda. Wosintha mankhwala ndi dokotala. Mayi amene wangobereka kumene, makamaka wa opaleshoni, afunse anamwino kusikelo nthawi yoyenera kuyamba.

Ndipo pangano la pakhomo lija lidzasokonekera ndithu. Kudzagwa maliro, mwana adzatentha thupi usiku, mvula ya January idzagwa sabata yathunthu, kuntchito kudzabwera alendo. Zimenezi zisakhale chifukwa chothetsera panganolo. Chimene ndaona m'makomo ambiri n'chakuti zinthu zikathina, tsiku loyamba kufafanizidwa limakhala la mayi, pomwe mpira wa Loweruka umakhalapobe. Choncho pogwirizanapo muikemo mfundo iyi poyera: ngati mwana wadwala Lachitatu ndipo mayi sanatuluke, Lachinayi ndi lake, bambo adikire Loweruka.